Mphatso ya Mfumu Siikwiriridwa

Zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo, Mlomowauchi asanakhale Mfumu Mlomowauchi Wachiwiri wa dziko la Tidzaona, anagwada pambali pa chitsime cha pachilumba cha Kaiwalika, chikho chili m'manja, nalumbira. Nthawi imeneyo anali mphwa chabe wa mfumu imene inali itangoikidwa m'manda, wowonda ngati nkhafi, akuthawa mkulu wake amene ankafuna mpando womwewo pamodzi ndi mutu wa aliyense wouyang'ana. Anthu a pachilumba anamubisa masabata asanu ndi awiri pansi pa bwato lovundikira. Amene ankamutungira madzi anali mtsikana wongokwatiwa kumene, dzina lake Nasoko.

"Mayi," anatero tsiku lochoka, ngakhale Nasoko anali wamng'ono kwa iye, "ine ndili moyo, chitsime ichi sichidzadetsedwa. Adzukulu anu adzamwa madzi omwewa."

Nasoko anati zikomo, namulanda chikhocho chifukwa panali ena pamzere.

Kaiwalika ndi kachilumba ka mchenga pakati pa Nyanja ya Kowawa, imene madzi ake ndi amchere moti ngakhale mbuzi imangonunkhiza n'kubwerera. Madzi akumwa ali pansi pa mchenga, ndipo amayandama pamwamba pa amcherewo ngati mafuta pa ndiwo za mmphawi: ndi ochepa, ukavundula atha. Chitsime n'chimodzi. Chili m'tsinde mwa kachulu kotchedwa Pamsana, komwe ndi malo okhawo okwera pachilumba chonse, ndipo kuchoka pamwamba pake kufika pachitsime ndi mapazi makumi awiri basi.

Amene anamwapo madzi amenewo kale, kenaka n'kupita kukakalambira m'mizinda ya eni kumene madzi a pampope amanunkha chipatala, akudziwa chimene chikunenedwa pano. Anali madzi oti ukamwa umakhululukira adani ako mpaka madzulo. Masiku amenewo nyumba zinali makumi anayi, ndipo munthu akamva m'mimba ankayenda mpaka kunsonga ya chilumba, kumene dzuwa ndi mphepo zinkamaliza ntchito yotsalayo. Kenaka kunabwera chitukuko. Nyumba zinafika mazana atatu, iliyonse ndi chimbudzi chake chokumba, chonsecho pa Kaiwalika ukakumba mikono iwiri wafika kale pamadzi. Zolowa m'dzenje Lolemba zinkakhala zikufunsa njira ya kuchitsime pofika Lachisanu.

Nasoko yekha analibe dzenje. Iye ndi malemu mwamuna wake anamanga chimbudzi chokwera pa njerwa, cha zipinda ziwiri zomata simenti pansi. Ukatha umathiramo phulusa, ndipo chipinda chimodzi chikadzaza umachitseka chaka chathunthu mpaka za m'katimo zitasanduka manyowa ouma. Madzi osamba ndi otsukira mbale ankawatsogolera m'kangalande ka miyala momwe anadzalamo bango, kumbali yoyang'ana kunyanja. Anansi ankaseka. Ankati kwa Nasoko munthu amakwera masitepe ngati akukalalikira.

Chaka china mvula inagwa yambiri, ana khumi ndi anayi anatsegula m'mimba sabata imodzi, ndipo awiri sanadzuke. Nasoko, amene tsopano anali ndi imvi ndipo ndiye ankasesa pachitsime m'mawa uliwonse, anatunga madzi, nawanunkhiza, nawathira m'botolo. Anakwera boti la mlamu wake Dyeratu, mng'ono wa malemu aja.

"Alamu, ndiye mukupita kukakumbutsa Mfumu lonjezo?" anafunsa Dyeratu, akukoka chingwe cha injini kachisanu. "Simunamve kuti walira mvula walira matope?"

"Matope tili nawo kale. Yendetsani boti."

"Ine ndikanakhala inu ndikanangopempha matumba a simenti kumishoni. Mfumu ikakuiwala umangosauka. Ikakukumbukira ndiye umaonda."

"Achimwene anu analinso ndi mantha ngati inu, koma ankawabisa."

"N'chifukwa chake anafa msanga. Mantha obisa amatupa m'kati."

Injini inalira pa ulendo wachisanu ndi chimodzi.

Ku likulu la Mpandowofewa, Nasoko anadikira pachipata masiku anayi, mpaka mlonda wina atamva dzina loti Kaiwalika anathamangira m'kati. Nkhani ya chitsime inali m'mabuku a sukulu. M'mabukumo Mfumu inasambira nyanja yonse italuma mkondo, inakumba chitsimecho ndi zala zake, ndipo anthu a pachilumba, omwe mpaka tsikulo sankadziwa kuti madzi amamwedwa, anaomba m'manja. Mboni yamoyo ya nkhani yotere siisiyidwa pachipata.

Mfumu inali itasintha. Khosi linali litasamukira m'mapewa, ndipo mpando wachifumu anali ataukulitsa kawiri pa chifukwa chimene nyuzipepala inati n'kukula kwa dziko. Nasoko anagwada, nakweza botolo, nafotokoza za maenje, za mchenga ndi za ana awiri aja. Mfumu inalira misozi yeniyeni. Inauza anthu onse a m'bwalo kuti awa ndi amayi ake a pachitsime, ndipo inalamula pomwepo kuti chaka chimenecho chitchedwe Chaka cha Ukhondo wa Mfumu, kuti nyumba iliyonse pa Kaiwalika ilandire mphatso yothetsera vutoli, ndiponso kuti pakhale khonsolo yosankha mtundu wa mphatsoyo. Botolo lija palibe analitsegula. Analipititsa kunyumba yosungira za makedzana ndi chikwangwani choti MADZI AMENE MFUMU INAMWA.

Mabuku amati Aroma akale anali ndi mulungu wamkazi woyang'anira ngalande za zonyansa. Ku Tidzaona kuli Unduna wa Zakuseri, ndipo nduna yake inali Olemekezeka Kanyadira, munthu woti akapereka moni amakhala ngati akutsegulira mlatho. Iwo ndiwo anakhala wapampando wa khonsolo. Khonsoloyo inakumana miyezi isanu. Mwezi woyamba inasankha nsalu ya Chaka cha Ukhondo. Wachiwiri inakangana ngati mawu oti chimbudzi anganenedwe Mfumu ili pomwepo, ndipo inagwirizana kuti azinena kuti "kachipinda ka mtendere". Miyezi itatu yotsalayo inapita kunja kukaona mmene azungu amachitira. Tsiku lomaliza, loti Mfumu imve ndi kugamula, anaitana Nasoko kuti akhale Mawu a Anthu, namukhazika pafupi ndi chitseko.

Woyamba kulankhula anali a Mwasiya, injiniya wa boma, bambo wa nsapato zodyeka chidendene, amene anagona pachilumba masabata awiri akukumba timaenje ndi kuyeza. M'chipinda monsemo iwo okha ndi Nasoko ndiwo anali ataponda mchenga wa Kaiwalika chaka chimenecho.

"Mwininthaka, njira zilipo zitatu," anatero. "Yoyamba ndi thanki ya simenti yokwirira pansi. Zolemera zimatsalira m'thankimo n'kumawola, madzi amatuluka ndi paipi kukamwera m'nthaka. Kumtunda kuno, pa dothi lakatondo, imagwira bwino. Pa mchenga wa Kaiwalika madziwo adzafika pachitsime asanaiwale kumene achokera. Yachiwiri ndi makina opopera mpweya m'zonyansazo. Amatulutsa madzi oyera ndithu, koma amafuna magetsi usana ndi usiku. Pachilumba palibe magetsi."

"Ali ndi kanyali kofiira," anatero a Kanyadira. "Ndinakaona ndi maso angawa katatu. Ngati vuto ndi magetsi, tingawaike kuno kulikulu m'malo mwa anthu a pachilumba."

Mfundo imeneyo inalembedwa, ndipo makinawo ali kunyumba kwa nduna mpaka lero, akutumikira Kaiwalika ali patali.

"Yachitatu," anapitiriza a Mwasiya, "ndi imene mayi ali pachitsekowo anamanga kale. Kachipinda kokwera, kosakhudza nthaka, phulusa pang'ono, ndi bango lomwa madzi osamba. Njerwa zilipo, phulusa lili m'khitchini iliyonse, bango limamera lokha. Ndayeza mchenga kuseri kwa nyumba yawo, ndi woyera. Ine ndikanasankha imeneyi."

Nasoko anamva mtima wake ukukhala pansi. Mfumu inkagwedeza mutu movomera. Kenaka pakona panamveka kutsokomola.

Anali a Nkhalakale, Msungi wa Miyambo, nkhalamba imene inkagona m'misonkhano yonse n'kudzidzimuka pokhapokha mwambo ukakhala pangozi, monga mayi amadzukira mwana akalira. Ku Tidzaona mphatso iliyonse ya Mfumu imadindidwa nkhope ya Mfumu: khasu, bulangeti, mjigo, ngakhale ng'ombe. Zimenezi aliyense amazidziwa, koma palibe anali ataziganizira pa nkhani ya kachipinda ka mtendere.

"Mwana wanga injiniya," anatero a Nkhalakale, "pa kachipinda kakoko nkhope ikhala pati?"

"Pa silabu, agogo. Kapena pachitseko."

"Pa silabu ndiye kuti munthu wamba anyonyomale pamwamba pa Mfumu. Pachitseko ndiye kuti aitembenukire msana atamasula lamba. Ndipo wati phulusa? Phulusa timathira pakhomo pamene patuluka maliro." Anatembenukira kwa Mfumu. "Yachitatuyo yafa. Yoyamba ija wati yokwirira. Mfumu imakwiriridwa kamodzi kokha, ndipo wofulumiza tsikulo tili ndi dzina lake m'malamulo. Mphatso ya Mfumu siikhalidwa, siithiridwa phulusa, siikwiriridwa. Munthu amaiyang'ana atakweza maso."

"Nanga tikangosiya kudindapo nkhope?" anafunsa a Mwasiya.



"Mphatso yopanda nkhope," inatero Mfumu mofatsa, "anthu adziwa bwanji woti amuthokoze?"

Apa nzeru za a Kanyadira zinaoneka. Anati mwambo sukukana thanki, ukukana kukwirira. Ndiye m'malo mwa timatanki mazana atatu tobisala pansi ngati mbewa, pamangidwe thanki imodzi yaikulu, yoimirira poyera, pamalo okwera kuposa denga lililonse pachilumba, nkhope ya Mfumu ikuyang'ana anthu ake.

"Madzi sakwera chitunda, bwana," anatero a Mwasiya.

"Madzi sakwera, koma anthu amakwera. Ali ndi miyendo, ndowa tiwapatsa."

"Ndipo thanki imafuna potulukira."

"Itulutse. Za Mfumu n'zosefukira."

Nasoko anayenda chogwada kuchoka pachitseko mpaka pakati pa chipinda, mawondo akulira. "Mwininthaka, pepani ndilankhuleko. Malo okwera pa Kaiwalika ndi amodzi okha, Pamsana. Chitsime chili m'munsi mwake penipeni. Pomwe munagwada paja."

Mfumu inaika dzanja pachifuwa. Maso ake anadzazanso misozi.

"Pomwe ndinagwada," inatero. "Mwamva inu? Amayi anga asankha okha malo. Mphatso yanga ikhale pamwamba pa chitsime changa, izichiyang'anira usana ndi usiku."

Khonsolo yonse inaimirira kuomba m'manja. Nasoko anayesa kunena kuti sanatero, koma mawu a munthu wogwada safika patali pakati pa anthu oimirira. Nyuzipepala ya m'mawa mwake inalemba kuti malo a thanki asankhidwa ndi anthu eni ake. A Mwasiya anawakweza pantchito, nawatumiza kukayeza mvula m'boma la Kulibemitambo.

Chinthu chimodzi boma la Tidzaona silichedwa nacho, ndicho cholakwika. Pasanathe miyezi iwiri thanki inali itaima Pamsana, yotalika ngati nkhokwe zitatu zosanjikiza, ndi makwerero achitsulo okwerera pakamwa pake. Nkhope ya Mfumu anaijambula ndi penti wamafuta, ikumwetulira, ndipo wojambulayo anaibwezera khosi. Paipi yotulukira inali pansi pa chibwano, italoza kuchitsime.

Lamulo analiwerenga pamsika, tsiku la Loweruka, pakati pa malichero a matemba. Linati zimbudzi zonse zopikisana ndi mphatso ya Mfumu zigwetsedwe. Linati nyumba iliyonse ilandire ndowa yokhala ndi chivundikiro, ndipo m'mawa uliwonse ikhuthule ndowayo m'thanki mwaulemu. Linafotokozanso kuti ndowayo ilibe nkhope chifukwa Msungi wa Miyambo wagamula kuti ndowa si mphatso, ndi udindo.

"Kale mafumu ankatenga nsomba ndi mapira," anatero mayi wina wogulitsa matemba, akuingitsa ntchentche. "Uyu ndiye wakhwima. Akufuna ndi zotsala zomwe."

"Musadandaule, amayi," anayankha telala wa pansi pa mtengo wa mkuyu, singano ili pakamwa. "Chiyambire ndi koyamba boma kutipempha chinthu chimene tili nacho."

"Nanga apongozi anga, amene miyendo inafa, akwera bwanji Pamsana ndi ndowa?"

"Azidya pang'ono. Boma lawathandiza kale pa mbali imeneyo."

Dyeratu, amene anali atakhala pa chigubu cha petulo, anakweza chipewa kwa Nasoko. "Alamu, anthu akukuthokozanitu. Akuti mukapitanso kulikulu mutiuziretu, tithawe."

Masana a tsiku lomwelo asilikali anagwetsa chimbudzi cha masitepe cha Nasoko, nazula bango lonse. Mmodzi wa iwo anafunsa ngati angatengeko manyowa aja, chifukwa amayi ake amalima tomato.

M'mawa mwake pachitsime Nasoko anauza amayi anzake nzeru yake. Ndowa zili ndi zivundikiro, ndipo palibe msilikali amene amafuna kuvundukula. Ndiye azikwera nazo zopanda kanthu, azipendeketsa pakamwa pa thanki mwaulemu wonse, koma zenizenizo azipita nazo kunsonga ya chilumba ngati kale, n'kuthira phulusa. Anthu anavomera. Kwa masabata atatu pa Kaiwalika panali mzere wa anthu osenza mphepo, okwera chitunda akubuula kuti zioneke zolemera. Telala uja ankachita kupuma kawiri panjira.

Sabata yachinayi kunabwera Olemekezeka Kanyadira, mpango uli pamphuno, kumbuyo kwawo anthu awiri atanyamula nsungwi yaitali. Pansungwipo panali mizere itatu ya penti. Wapansi unalembedwa ODANDAULA, wapakati OFUNDA, wapamwamba OKONDA MFUMU. Anailowetsa m'thanki, naitulutsa. Inali youma, ndipo kunsonga kwake kunali kangaude.

"Nyumba mazana atatu," anatero a Kanyadira pamsika, "masabata atatu, osapereka ngakhale kadontho. Kapena simudya, zomwe n'zosatheka chifukwa lipoti la Unduna wa Zokolola likuti mukudya, kapena mukubisira Mfumu. Mwininthaka akubwera pakatha mwezi kudzatsegulira mphatso yawo. Nsungwi iyi ikadzapanda kunyowa mpaka mzere wapamwamba, chilumba chino n'choukira, ndipo oukira sakhala ndi maboti."

Pa Kaiwalika boti ndi munda, ndi msika, ndi ambulansi. Nduna itachoka anthu anaima m'timagulu osayang'ana Nasoko.

"Tingothiramo madzi a m'nyanja," anatero Dyeratu. "Nsungwi ilibe mphuno."

"Nduna ili nayo," anayankha Nasoko. "Idzanunkhiza. Ndipo mchere ukatsikira pachitsime ndiye wapha madzi mpaka kalekale. Bola zinazo."

"Ha, alamu, mwafika posankha pakati pa mchere ndi zinazo? Achimwene akanakhalapo akanaseka mpaka kutsamwa."

"Muli ndi simenti yotsala ija munamatira doko?"

Anali nayo theka la thumba. Masana dzuwa lili pamutu, awiriwo anakwera Pamsana ndi nsanza ndi ndowa ya madzi, nauza msilikali wolondera kuti abwera kudzapukuta chibwano cha Mfumu. Msilikaliyo anawachitira sawasha. Dyeratu anaima motchinga akuimba nyimbo ya Chaka cha Ukhondo, pamene Nasoko ankakankhira nsanza ndi simenti m'paipi mpaka mkono wonse unalowa.

Kuyambira tsiku limenelo anthu anapereka moona. Ndipo panachitika chinthu chimene khonsolo sinachikonze. Maenje onse anali atatsekedwa, thanki inali yosatulutsa, mvula inali italeka. Madzi a pachitsime anayamba kuyera. Pofika sabata yachitatu Nasoko anatunga, nanunkhiza, namwa, nakhala pansi pamwala. Anali madzi omwe aja. Mwezi wonsewo palibe mwana anatsegula m'mimba.

"Mwaona?" anauza Dyeratu. "Thankiyo ikhale yotseka. Ikadzaza, maboti azinyamula za m'katimo m'migolo kupita nazo kumtunda, kuminda ya fodya, kumene dothi ndi lakuya. Ndi ntchito yonunkha, koma chitsime chikhala. Ndidzauza Mfumu yeniyeniyo ikabwera."

"Boti langa linyamule zimenezo?"

"Lanyamulapo aphungu."

Dyeratu anaganiza pang'ono, navomera kuti n'zoona.

Kutatsala tsiku limodzi a Kanyadira anabweranso ndi nsungwi yawo. Inanyowa kupitirira mzere wapamwamba, ndipo nduna inalengeza kuti chilumba cha Kaiwalika chimakonda Mfumu kuposa maboma onse. Kenaka inazungulira kutsogolo, niyang'ana paipi, nifunsa chifukwa chake sipakudontha kanthu. Mmisiri wa unduna anagogoda ndi hamala, nati paipi yatsekeka. A Kanyadira sanafunse kuti watseka ndani, chifukwa kufunsa kukanatanthauza kulemba lipoti. Anangolamula kuti aboole ndi tchizulo, aikepo mpope wopaka golide, amangepo riboni.

Nasoko anawatsatira mpaka padoko. "Bwana, isiyeni yotseka. Madzi ayera. Bwerani mulawe."

"Mayi, Mfumu siyenda ulendo wonsewu kudzangoyang'ana chinthu. Iyenera kutsegula kanthu. Mukufuna idule riboni, ipotokole mpope, pasatuluke kalikonse, pamaso pa akazembe?"

Tsiku la mwambo linacha bwino. Maboti khumi ndi awiri anakocheza, limodzi litanyamula bandi ya asilikali, lina litanyamula a Nkhalakale ali m'tulo pampando wawo. Mfumu anaikweza Pamsana pa machila, anthu asanu ndi atatu akusinthana. Fungo linali loti akazembe a maiko akunja ankamwetulira ndi pakamwa potseka. Malinga ndi pulogalamu, Nasoko anayenera kupereka chikho kwa Mfumu monga kale, ndipo a zachitetezo anali atathiramo madzi a m'botolo ochokera kulikulu.

Nasoko analandira chikhocho, nakhuthulira madziwo pamchenga. Anatsika mapazi makumi awiri aja anthu onse akumuyang'ana, naponya chidebe m'chitsime, natunga, nakweranso. A zachitetezo anafuna kumugwira, koma Mfumu inakweza chala. Inalandira chikho, niyang'ana m'katimo, nimwa. Inatseka maso. Inamwanso mpaka chikho chinayang'ana kumwamba.

"Ndi omwe aja," inatero motsitsa mawu, ndipo kwa kanthawi inamveka ngati munthu amene anagonapo pansi pa bwato.

"Ndi omwe aja chifukwa mpope uwo ndi wotseka," anatero Nasoko, osagwada. "Mwininthaka, ine sindidziwa za kachipinda ka mtendere. M'thanki umu muli manyi a nyumba mazana atatu. Mukapotokola apo, atsika apa, alowa mumchenga, ndipo sabata ino isanathe ali m'chikho chimenecho. Isiyeni yotseka. Alamu angawa ndi anzawo azinyamula pa maboti kupita nazo kumtunda. Sitikupempha china."

Mawu aja atamveka, a Nkhalakale anadzidzimuka. "Kumtunda? Zolowa mu mphatso ya Mfumu zasanduka za Mfumu, ndipo mphatso ya Mfumu siibwerera kumene yachokera. Kubweza mphatso n'kutukwana." Anatsekanso maso.

A Kanyadira anakodola wotsogolera bandi, malipenga nayamba nyimbo ya fuko.

Mfumu sinali chitsiru. Zitsiru sizikhala pampando zaka makumi atatu. Inayang'ana mpope, niyang'ana kutsetsereka kwa mchenga, niyang'ana pakamwa pa chitsime pomwe chidebe cha Nasoko chinali chikudonthabe. Kenaka inayang'ana akazembe, atolankhani, nduna khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndi nkhope yake yomwe, yaikulu ngati khomo la tchalitchi, ikumwetulira pamwamba pa onsewo. Inaweramira kwa Nasoko kuti ena asamve.

"Mayi, ndaona," inatero. "Koma bandi yayamba kale."

Inamubwezera chikho. Mtsikana wovala nsalu ya Chaka cha Ukhondo anabweretsa lumo pa mtsamiro. Riboni inagwa. Mpope unali wolimba pang'ono, moti Mfumu inachita kugwira ndi manja awiri, ndipo utatseguka unayamba ndi kutsokomola, kenaka unalankhula momasuka. Nduna zinaomba m'manja zikubwerera chambuyo kuteteza nsapato. Mtsinje wakudawo unatsika mapazi khumi ndi asanu, nuyamba kumira mumchenga mwakachetechete, ndipo a Kanyadira anauza atolankhani kuti aone okha mmene nthaka ya Kaiwalika ikulandirira mphatso ndi manja awiri.

Dyeratu anafika pambali pa mlamu wake, chipewa chili m'manja.

"Muli ndi zigubu zingati kunyumba?" anafunsa Nasoko.

"Zisanu. Chimodzi n'cha petulo."

"Tsukani. Uzani aliyense atunge lero, chilichonse chimene chili ndi pakamwa. Mawa musamwetse ana."

Anthu anatunga mpaka chingwe chinatentha m'manja, bandi ikuimbabe padoko. Madzi a m'zigubu anatha masiku asanu ndi limodzi.

Lachinayi la sabata yachitatu, a zaumoyo anabwera kuchokera kumtunda ndi matabwa asanu ndi awiri ndi misomali, nakhomerera pakamwa pa chitsime, nalembapo ndi penti wofiira kuti madziwa ndi oipa, asamwedwe. Nasoko anawagwirira makwerero a boti pobwerera. Mfumu Mlomowauchi Wachiwiri inali moyo, ndipo tsiku limenelo inali m'boma la Kulibemitambo, ikutsegulira damu.